Diso ndi Chala

Galimoto zimene timakonza ku Kapata
zimabwera zikulankhula kale.
Ukangotembenuza kiyi, mayi wina wobisala kuseri kwa wailesi
amapereka moni m'chinenero cha kwawo.
A Sakala amati, dula waya ameneyo, akusokosa.
Zaka zinayi ndakhala ndikumudula pakamwa.
Chaka chino ndati ndiyambe ndamva kaye zimene akunena.

Usiku ku Mchini magetsi akapita
ndimayatsa tochi ya pafoni,
n'kutsegula kope lakale la masamu la mlongo wanga Zelipa,
kumapeto kumene kunatsala masamba oyera.
Sabata ino ndili pa mawu a zolinga.

Choyamba ndi kabokosi koimirira, mizere iwiri m'kati: 目.
Ine ndimayesa shelefu ya masipanala.
Akuti ndi diso.
Likakhala lokha dzina lake ndi me,
likapeza mnzake limasanduka moku,
ngati amalume anga,
amene pasiteshoni ndi Lekisoni
koma pamaliro ndi a Jere.

Mokuteki, chimene wanyamukira pakhomo.
Mokuhyo, chikhomo chimene wakhoma kutsogolo
kuti ukachikhudze pofika Lachisanu.
Ife zonsezi timangoti cholinga,
thumba limodzi, mtedza ndi makoko omwe.

Teki uja akatsala yekha ndi mato,
pamene muvi uyenera kukalasa.
Mato, maso.
Ndinaseka ndekha mumdima
mpaka galu wa kwa a Mwanza anandiyankha.

Koma mezasu anandigoneka mochedwa masiku atatu.
目指す: diso kutsogolo, chala pambuyo pake.
Chalacho ndi yubi, koma muno chavomera kutchedwa za.
Amayi ankatimenya dzanja tikaloza kumanda,
ati chala chimauma.
Kuloza ndi kulodza n'zoyandikana nyumba.
Kapena n'chifukwa chake ndinakula manja ali m'thumba,
phiri la Kanjala ndikuliona tsiku ndi tsiku
osanenapo kuti, apo, ndidzafika apo.

Lolemba a Sakala anapeza kope pansi pa batire,
masamba ali ndi zidindo za girisi.
Anatembenuza mozondoka, natembenuzanso.
Mabvuto, ukufuna kupita ku Japani?
Ndinati kaya.
Anati ndalama ya ndege ndi injini ziwiri,
ndipo tinkhuku tapalasa apati sitigula ufa.
Sananame.
Anandibwezera kope atalipukuta pa ovolosi yawo.

Pansi pa mokuhyo ndalemba: mawu khumi pa tsiku,
ngongole ya Tisauke ithe mvula isanagwe,
bokosi langalanga la zida.
Pansi pa mokuteki sindinalembe kanthu.
Zelipa akuti ndilembe ukwati.
Cholembera chimangoima m'mwamba
ngati njinga yonyamula makala pachitunda,
wokwera atatsika, akupuma.

Dzulo kunabwera kagalimoto koyera ka mphunzitsi wa ku Chizongwe.
Tinakakweza pamiyala, matayala onse anayi pansi.
Nditalumikiza batire, mapu anayaka,
misewu ya dziko lina, mtsinje wosadziwika,
kamuvi kakuzungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu.
Mayi uja anayankhula.
Zambiri zinandidutsa ngati basi ya ku Lusaka,
koma liwu limodzi linaima, n'kunditsegulira chitseko:
mokutekichi.
Chi ndi malo. Ndinamuphunzira mwezi watha.
Malo amene unanyamukira kuti ukafikeko.

Kaya amati tayandikira, kaya amafunsa kumene tikupita,
sindinamve bwino.
Galimoto ili pamiyala, fumbi la Okutobala lili m'mano,
wogulitsa mazira owiritsa akudutsa ndi mchere wake.

Pulayazi inali kale m'dzanja langa.
A Sakala anakuwa ali kunsi kwa lole,
wadula?
Ndinati, ndikufuna waya wake.
Ndinkauona bwinobwino, wobiriwira,
chala changa chili pomwepo.
Ndinazimitsa kiyi, n'kuyatsanso,
kuti mayiyo abwereze.